Nkhanga ndi Mbiya Yobereka Alonda

Sunthirani kuno, malo akadalipo. Inu a kumapetoko bwerani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Nthano iyi nditamufotokozera mlamu wanga Edina, uja amagwira ntchito ya makompyuta ku Limbe, anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti kwawoko amatha kutenga kompyuta yathunthu, imene imakhala m'kati mwa inzake, n'kuikopera kuti zikhale ziwiri, ndipo akaiwala kuuza tizigawo ta m'katimo kuti takoperedwa, zimachitika n'zomwezi. Ine za makompyuta sindizidziwa. Ndimadziwa za Nkhanga. Ndiye ndikati padangokhala, inu muvomere kuti tili tonse, ngakhale amene mtima uli ku mbuzi zosatsekera.

Padangokhala.

Nyama za m'midzi inayi zinali ndi nkhokwe imodzi ya mtedza, ndipo woyang'anira zonse anali a Nduna Fisi. Pankhokwepo pankagwira ntchito akuluakulu atatu. Kapitawo anali a Kamba. Pakhomo pankaima a Sajeni Nungu, msilikali wa maso ofooka amene sankazindikira nkhope ya aliyense, ngakhale ya mayi awo owabereka. Iwo ankangomva mawu basi. M'kati munali a Chule, osunga nsungwi.

Nsungwi imeneyi muimvetse bwino. Inali yaitali, ya mphako, ndipo chaka chikamayamba ankathiramo tinthu tambirimbiri: khala, mkanda, nthenga, dzino la mbewa, batani, msomali, chigoba cha nkhono, ndi tina totero. Akatero ankaikhutchumula atatsinzina, n'kuiimika pakona. Lamulo linali lakuti m'mawa uliwonse a Chule azitsegula kunsi kwake kuti kugwe tinthu tiwiri, n'kuwapatsa a Sajeni. Tinthu timeneto ndito tinali mawu a pakhomo a tsikulo. Kukagwa msomali ndi khala, wofuna mtedza ankanena kuti msomali ndi khala, a Sajeni n'kumuchitira sawatcha, iye n'kulowa. Wolakwitsa ankabwerera kwawo ali ndi minga kumbuyo. Chogwa mawa panalibe ankachidziwa, ngakhale a Chule eni ake.

Wonyamula mawuwo kupita nawo m'midzi, kukanong'oneza akuluakulu a mabanja, anali Nkhanga, mesenjala. Nkhangayu anali pachikamwini kwa mkazi wake Nachanza. Munda analibe, khasu ankaligwira ngati wagwira njoka. Chinkamusunga pamudzipo ndi ntchitoyo. Apongozi ake akafika pamtondo ankati, "Mkamwini wanga ndi wa yunifolomu," anzawo n'kuwasirira.

Tsiku lina kunabwera mayi Nanzikambe atasenza mbiya yaikulu ngati ya mowa wa pamaliro. Mbiyayo ukaikamo chinthu n'kuvundikira ndi lichero, potsegula chinkatuluka chili pawiri. Osati mapasa ayi, mapasa umawasiyanitsa ndi kachipsera. Ichi chinkatuluka chimodzimodzi, ndi za m'mutu zomwe, ndi za m'thumba zomwe. Chakudya chokha ndicho mbiyayo inkakana. A Fisi anayesa ndi mwendo wa mbuzi, kunatuluka mwendo umodzi ndi mafungo awiri.

Atatha kudandaula za mwendo, a Fisi anaganiza nzeru.

"Anthu akulira ndi mtunda," anatero. "Mudzi uliwonse umange nkhokwe yakeyake. Antchito atsopano sindiphunzitsa. Ndili nawo kale abwino, ndingowachulukitsa."

Nkhokwe zitamangidwa n'kugawana mtedza, Lolemba masana anaitana atatu aja. "Akuluakulu, dzuwa lanyanya. Lowani umu mupumeko, n'kozizira bwino." Analowa a Kamba, a Sajeni, ndi a Chule atakumbatira nsungwi yawo, tulo n'kuwagwira pomwepo. Lichero linavundikiridwa kamodzi, anakhala magulu awiri. Linavundikiridwa kachiwiri, anakhala magulu anayi. Anawanyamula ali m'tulo, gulu lililonse kunkhokwe yake. Atadzuka aliyense anayasamula n'kunena kuti, "Ndinangowodzera pang'ono." Nkhokwe zimafanana m'kati, ndiye panalibe anadabwa.

Nkhanga anafika kwa a Nduna atakonzeka kuthamanga.

"Bwana, ndiyambire mudzi uti kukawauza?"

"Kukawauza chiyani?"

"Kuti atuluka m'mbiya."

A Fisi anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe, a Kamba anabadwa agogo ako asanaswe dzira. Ukaime pamaso pawo n'kuwauza kuti ndi a m'mbiya? Ulemu unausiya kuti?"

"Koma nsungwi ija, bwana."

"Nsungwi zilipo zinayi, zonse ndendende ngati yoyamba."

"Ndicho ndikunenacho, bwana."

"Ndiye tikugwirizana. Palibe chasintha, palibe chouza munthu. Ndipo poti nkhokwe ili pakhomo pa aliyense, mawu a tsiku a Kamba azinong'oneza okha. Wothamanga sakufunikanso. Vula yunifolomu."

Nkhanga anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu.

"Mwaweruka msanga bwanji?" anafunsa Nachanza.

"Andipumitsa."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

Apongozi anali kuseri kwa nyumba, koma makutu awo anali kutsogolo. Mkamwini salankhulidwa maso ndi maso, ndiye anakuwira mwana wawo. "Nachanza, mwamuna wosalima ndi wosagwira ntchito ndi katundu. Sabata ino ikatha alibe ntchito, azikaona kumene anachokera."

Nachanza anatsitsa mawu. "Mwamva nokha. Ine sindikukukanani, koma mudzi ndi wa amayi. Mawa mutenge thumba mukatitengere mtedza, poti miyendo ndiyo muli nayo."

M'mawa mwake Nkhanga anaima pamzere pankhokwe ya pamudzi pawo ngati wina aliyense. A Kamba anamunong'oneza, "Batani ndi nthenga." Ananena kwa a Sajeni, analowa, anatenga gawo la banja lake n'kukasiya kunyumba. Kenako anatenga matumba atatu opanda kanthu n'kuuyamba ulendo wa kumudzi wachiwiri.

Panjira ankaimba kanyimbo. Kanali kofunsa kuti mwana wobadwa ali ndi ndevu kale amuuze ndani kuti wabadwa lero, ndipo povomereza pake pankati palibe angayerekeze. Anali ndi mawu oipa, koma ankakaimba mokoma mtima.

"Ima pomwepo!" anakuwa a Sajeni a kumudzi wachiwiri. "Mawu?"

"Batani ndi nthenga."

"Lowani, bwana." Sawatcha phaa!

Kumudzi wachitatu, batani ndi nthenga, sawatcha. Kumudzi wachinayi, batani ndi nthenga, sawatcha, ndipo a Sajeni a kumeneko anamuthandiza n'kusenza komwe. Matumba atatuwo anakawabisa m'dzenje la chulu chakale. Ndisakunamizeni kuti sanalaweko. Analawa.

Tsiku lomwelo m'midzi itatu munabuka phokoso la matumba osowa. A Fisi anaitanitsa mayi Nanzikambe.

"Mbiya yanu yandipatsa alonda abodza!"

"Mbiya yanga siwonjeza, sichotsa," anatero mayiwo, diso lina kwa a Nduna, lina kunjira. "Zimene munaikamo ndi zimene mwatenga. Nsungwi inalowa itasanja kale za mawa ndi za mkuja. Mumati ituluke itaiwala?"

A Fisi anakumbukira amene ananena zimenezi poyamba, koma sanamutchule. Anati, "Ndaganiza pandekha kuti akapitawo auzidwe. Ndikawauza mwaulemu, mkulu kwa mkulu mnzake."

Anapita kwa a Kamba oyamba, chisoti chili m'manja. Anayamba ndi kufunsa za nyamakazi, anadutsa pa za mvula, anazungulira mpaka nkhani inatuluka yokha.

A Kamba anafunsa, "Ndiye mukuti ine si ine?"

"Ndinu, Kapitawo, ndinu ndithu. Kungoti muliponso kwina."

"Kungati?"

"Kutatu."

Mutu wa a Kamba unalowa m'chigoba. Unatenga nthawi kuti utuluke. "A Chule ndi a Sajeni akudziwa?"

"Ayi. Amenewo ndi anthu anu, muwauza ndinu."

"Zisiyeni m'manja mwanga."

Kumudzi wachiwiri a Kamba anafunsa mafunso omwewo, mutu unalowa nthawi yofanana, n'kumaliza ndi mawu omwewo. Kwachitatu ndi kwachinayi chimodzimodzi. A Fisi anabwerera akuyamikira kuti akapitawo awo ndi anthu omvana. Kumvanako kunalipodi, chifukwa onse anayi anaganiza chinthu chimodzi: kuti wapansi pako akadziwa kuti unatuluka m'mbiya ngati thobwa, sadzakugwadiranso. Ndiye onse anayi anatseka pakamwa.

Kutacha, Nkhanga pamzere. "Dzino ndi mkanda," ananong'oneza a Kamba, maso ali pansi.

Anatenganso matumba atatu, kanyimbo kake ka mwana wa ndevu kali pakamwa, tsopano atawonjezera ndime yakuti anauza mutu koma mimba sinamve.

Kumudzi wachiwiri a Kamba anamuona akubwera. Anadziwa bwinobwino kuti uyu si wa mudzi uno.

"Mwadzuka bwanji, Kapitawo?" anatero Nkhanga. "Mukuoneka ngati mwagona pozizira."

A Kamba anatsegula pakamwa kuti akuwe. Koma akakuwa, a Sajeni afunsa kuti mlendo wadziwa bwanji mawu athu, ndipo yankho lake linali lija lochititsa manyazi. Anangotsokomola n'kuyang'ana kumbali.

"Mawu?" anatero a Sajeni.

"Dzino ndi mkanda."

"Lowani, bwana."

Matumba m'dzenje anakwana asanu ndi limodzi.

Apa a Fisi ulemu unawathera. Anathamanga nkhokwe ndi nkhokwe, kulowa mpaka m'kati, kwa a Chule.

"Khutchumulani nsungwi!"

"Bwana, chaka sichinathe. Mwambo wake timakhutchumula..."

"Khutchumulani! Munatuluka m'mbiya, mulipo anayi, ndipo nonse mukugwetsa zofanana ngati nkhuku za khola limodzi. Tolani tinthu tatsopano panja apo, muthiremo, mukhutchumule mpaka manja awawe."

A Chule analira pang'ono, aliyense kwawo, koma anachita. Wina anatola kachingwe, wina kaphale, wina chikhadabo cha kadzidzi. Nsungwi zinayi zija zinasiyana kuyambira tsiku limenelo. A Fisi anakakhala pabwalo lawo n'kuuza aliyense wodutsa kuti wakubayo aone polowera.

Madzulo Nachanza anati, "Lachitatu latha. Amayi ayamba kufunsa ngati muli ndi chingwe chomangira katundu wanu."

"Auze asavutike," anatero Nkhanga. "Kwatsala munthu mmodzi amene sanauzidwe."

Panali chinsinsi chimene ankachidziwa mesenjala yekha, poti mesenjala amalowa paliponse ndipo palibe amamuwerengera. A Chule khungu lawo silinkapirira kuuma kwa m'nkhokwe, ankafuna kumakanyowa kudambo. A Sajeni nawo sankakonda kudikira munthu m'mawa. Ndiye kalekale anapangana kuti Lolemba lililonse a Chule azigwetseratu tinthu ta masiku asanu ndi awiri, a Sajeni n'kutitunga pa minga yawo motsatana, ta Lachiwiri apa, ta Lachitatu apa, mpaka sabata yonse. M'mbiya muja a Sajeni analowa atabereka sabata yathunthu kumsana. Nsungwi zinali zatsopano, inde, koma panalibe anali atazitsegula. Mawu a pakhomo amene a Kamba ankanong'oneza ankachokera pamsana pa a Sajeni.

Lachinayi m'mawa a Kamba ananong'oneza, "Khala ndi chigoba."

Nkhanga anaimba kanyimbo kake mokweza kuposa kale, ndime yatsopano ikunena kuti anasambitsa mwana n'kumuveka malaya a dzulo. Khala ndi chigoba, sawatcha. Khala ndi chigoba, sawatcha. Khala ndi chigoba, sawatcha.

Ulendo uno kudzenje anangopita kukatenga enawo. Anatuta matumba onse asanu ndi anayi dzuwa likuswa mtengo, anawaunjika pakati pa bwalo la a Nduna, anakwera pamwamba n'kukhala mwendo pa unzake.

A Fisi anatuluka thovu lili kukamwa. "Ndiwe! Mbava!"

"Mbava imathyola chitseko, bwana. Ine andichitira sawatcha kasanu ndi kanayi. Kwina anandisenzetsa."

"Ndinauza akapitawo!"

"Anausunga uthengawo bwino. Ukadali m'chigoba."

"Ndinakhutchumulitsa nsungwi!"

"Munakhutchumulitsa. Koma a Sajeni munawayang'ana kumsana?"

Anaitanitsa a Sajeni onse anayi. Anabwera akuguba, mwendo umodzi, n'kuima pamzere. Aliyense sankamuona mnzake bwino, ndiye aliyense ankaganiza kuti enawo ndi asilikali atsopano. Atatembenuka, pa minga yawo panali tinthu tofanana, ta Lachisanu, ta Loweruka, ta Lamulungu, zonse poyera ngati zovala pachingwe.

A Fisi anatembenukira kwa Nkhanga.

"Bwana," anatero Nkhanga akutsika pamatumba, "uthenga uwu si wa mkulu yekha. Ndi wa aliyense amene wasunga kanthu ka dzulo, kaya m'nsungwi, kaya kumsana, kaya m'mutu. Muyenera kudziwa onse amene amasunga, ndi kumene amasunga, n'kuwauza mmodzimmodzi, kumutchula dzina. Ndipo auzidwe lichero likangochoka, phazi lisanaponde pansi, asanatsegulire munthu chitseko. Mukachedwa ndi tsiku limodzi, thumba lapita."

"Amadziwa onse osungawo ndani?"

Nkhanga anayang'ana kumwamba, anayang'ana zikhadabo zake.

"Chabwino," anatero a Fisi. "Mubweretsereni yunifolomu yake."

Tsiku lomwelo Nkhanga anazungulira nkhokwe zonse. Pakhomo lililonse ankaima n'kukuwa kuti amve ndi a m'kati omwe: "A Kamba, mwatuluka m'mbiya! A Chule, mwatuluka m'mbiya! A Sajeni, mwatuluka m'mbiya, za kumsanazo tayani!" A Kamba anapsa mtima, a Chule anagwetsa tinthu tatsopano, a Sajeni anakutumula minga. Lachisanu m'mawa mawu anali anayi osiyana. Galu wina amene anamva mphekesera mochedwa anakayesa mwayi kumudzi wa eni, anabwerako akuyenda chammbali.

Apongozi atamva, anapita kumtondo opanda chosinja, kungofuna kukanena kuti yunifolomu yabwerera.

Ikanathera pamenepa, ikanakhala nthano ya ana. Koma a Fisi usiku sagona akaganiza zochepetsa ntchito, ndipo Loweruka anamuitana mesenjala wawo.

"Dzana unamaliza kuzungulira nthawi yanji?"

"Dzuwa litapendeka, bwana."

"Litapendeka. Koma pakamwa pako pomwepo panatuluka mawu akuti phazi lisanaponde pansi. Mwezi wa mawa ndikufuna nkhokwe zisanu ndi zitatu. Miyendo uli nayo ingati?"

"Iwiri, bwana."

"Mayi Nanzikambe, bweretsani mbiya."

Nkhanga nthenga zinaima. "Bwana, tingophunzitsa ena."

"Wodziwa onse osunga ndiwe wekha. Unanena wekha pabwalo pano, anthu akumva. Kapena yunifolomu yakuthina?"

Nkhanga anaganiza msangamsanga, monga mwa nthawi zonse. Anati mumtima, akuluakulu aja anapusa chifukwa analowa osadziwa. Ine ndikulowa ndikudziwa. Ndikangotuluka ndiwauza enawo kuti ndi a m'mbiya, aliyense apite kunkhokwe yake, ine mwini wake ndizipita kwa Nachanza. Atakonza nzeru imeneyi bwinobwino m'mutu, analowa nayo m'mbiya.

Lichero linavundikiridwa katatu.

Potsegula komaliza panadzuka a Nkhanga asanu ndi atatu, mayunifolomu asanu ndi atatu. Phazi lisanaponde pansi, monga mwa lamulo, aliyense analoza anzake n'kukuwa, "Mwatuluka m'mbiya!"

Onse anaima. Onse anaseka kaseko kofanana, ka munthu wokhululukira ana.

"Ayi, anzanga, simunamve. Ndikuti inuyo."

Mawuwo anatuluka pakamwa pasanu ndi patatu nthawi imodzi.

"Mayi Nanzikambe, woyamba ndi uti?" anafunsa onse.

"Ine ndimavundikira ndi kuvundukula," anatero mayiwo. "Za m'kati sindilowerera."

A Fisi anali okondwa kwambiri. "Onani mmene uthenga ukufikira msanga! Lolemba aliyense pantchito. Lero kapumeni kwanu."

Ndiye anapita kwawo. Onse.

Nachanza anali pakhonde akusenda mtedza pamene anamva odi wamphamvu ngati wa anthu odzapepesa maliro. Atadzutsa mutu, nsengwa inagwa.

"Mayo ine! Wanga ndi uti?"

"Ndine!"

"Musandizunguze mutu. Amene ali mwamuna wanga anene kumene tinakumana."

"Kuchigayo, mvula ikugwa, iwe utaiwala chitenje chofunda!" Onse pamodzi, ndipo onse anapendeketsa mutu mofanana pomaliza, mmene ankachitira akafuna kumuseketsa.

Nachanza sanaseke. Anawayang'ana mmodzimmodzi, kufunafuna kanthu kakang'ono koti agwire, kaya kachipsera, kaya kayang'anidwe. Onse ankamuyang'ana ndi chikondi chofanana.

Apongozi analankhula ali kuseri kwa nyumba. "Nachanza, uwauze alendowo kuti ntchito yapezeka, sindikukana, mawu anga ndasunga. Koma ine ndinabereka mwana mmodzi, ndipo ndinalandira mkamwini mmodzi. Akagwirizane okhaokha. Woyambayo abwere yekha, chitseko n'chotsegula."

"Mwamva," anatero Nachanza. "Pitani mukakambirane. Ine ndidikira."

"Sitichedwa," anayankha onse. "Ndingowafotokozera awa."

Anaulukira mumtengo wa kuseri kwa mudzi kuti akakambirane. Nkhokwe za midzi yonse sizinabedwenso, mawu a pakhomo ankasiyana tsiku ndi tsiku, ndipo a Fisi anatamandidwa chifukwa cha nzeru zawo. Koma mumtengo muja nkhani sinathe. Mukadzaona nkhanga zikuyenda chigulu, maanga ofanana, zikukuwa zonse nthawi imodzi, musafulumire kuzigenda. Iliyonse ikuuza inzake uthenga woona, ndipo palibe imene ikuganiza kuti uthengawo ndi wake.

Yanga yathera pamenepa. Inyamuleni bwino, ndipo mukakumana ndi wina amene sanabwere lero, chonde mukamugawireko.